Tsiku Limene Tinagulira Esinati Laputopu

Lolemba la sabata yatha achemwali anga a Nabanda anatsika minibasi pa Katete pano fumbi la msewu wa Chadiza lili m'nsidze. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo wamkazi, Esinati, atakumbatira chikwama pachifuwa chifukwa cha mphepo ya Julaye. Anachokera kumudzi kwathu ku Vubwi. Pafoni sanandiuze chimene akubwerera. Anangoti, "Achimwene, mutidikire pasiteshoni. Nkhani yake ndi ya pamaso."

Mlongo wako akakuuza choncho, ndipo n'kubwera ndi mtsikana, mtima umathamangira ku zinthu ziwiri basi, matenda kapena mimba. Ndinayenda nawo mpaka kunyumba ndikumuba Esinati ndi diso.

Sizinali zimenezo. Tiyi amene mayi a kunyumba kwanga anawaikira asanamukhudze n'komwe, achemwali anati, "Tabwera kudzagula laputopu."

Esinati wapeza malo pakoleji ina ku Chipata, kukaphunzira uphunzitsi. M'nyumba mwa achemwali ndiye woyamba kudutsa Giredi 12 n'kupitirira. Akoleji anauza ana onse zinthu zoti abwere nazo, ndipo pakati pa bulangete, ndowa ndi mapepala, panalinso laputopu. Anaitchula mopepuka, ngati akutchula supuni.

"Nanga ndalama mwaipeza kuti?" ndinafunsa. "Mtedza wa chaka chino si uja munati wapsa ndi dzuwa?"

"Wa mtedza ndi soya zapita ku fizi," anatero achemwali, maso ali pansi.

"Ndiye iyi?"

Anayankha ndi Esinati. "Agulitsa Kapiteni, amalume."

Inu a m'tauni, Kapiteni si munthu. Alamu anga a Mwale, bambo a Esinati, anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira, Kapiteni ndi Bulaki. Ziwirizo ndizo zimalima munda wa chimanga, ndizo zimakoka ngolo potuta, ndizo zinathamangira ndi achemwali kuchipatala pamene anadwala mutu waukulu chaka china. Goli ndi la ng'ombe ziwiri. Imodzi ikachoka, yotsalayo imangodya udzu.

Alamu anakana kaye. Achemwali akuti m'nyumba munali zii kwa masiku, anthu akupatsana madzi osamba osalankhulana. "Makina amenewo adzakoka pulawo?" anafunsa alamu. Achemwali anawayankha kuti mwana akabwezedwa pageti la koleji chifukwa chosowa chinthu chimodzi, fizi yonse ija ipita m'madzi. Pomaliza alamu anagonja. Tsiku limene ogula anabwera ndi chingwe, iwo analawirira kudimba, osafuna kuona.

Ndalama imeneyo ndiyo inali m'kachikwama kamene achemwali anamangirira m'chiuno, mkati mwa zitenje ziwiri.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanakagulire ku Chipata komweko, kumene masitolo ndi ambiri kuposa kuno. Nanenso ndinafunsa. "Ku Chipata kulibe malume wake," anatero achemwali. "Inu ndinu ophunzira, mumalemba m'nyuzi. Sangakunamizeni."

Awerengi anga, ndemanga mukuwerengayi ndimailemba pafoni, ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno. Ndinaphunzitsa Chinyanja zaka zambiri mpaka kupuma, koma laputopu sindinakhalepo nayo yangayanga. Koma malume amanena bwanji zimenezo kwa mlongo amene wagulitsa ng'ombe? Ndinatuluka panja ngati ndikukaona nkhuku, n'kuimbira mnzanga wina, a Tembo, amene amagwira ntchito ya makompyuta muofesi ina ku Sinda.

"Musayang'ane kukongola," anatero a Tembo. "Funsani ramu, ndiyo mphamvu yake yogwira ntchito zingapo nthawi imodzi, isakhale yochepa. Funsani ngati mosungira zinthu mwake ndi mwa mtundu watsopano uja wofulumira. Ndipo azule chaja pakhoma muone ngati batire likukhala. Mabatani onse mudine. Zina zonse ndi nyimbo za ogulitsa."

Ndi nzeru yobwereka imeneyo tinalowa m'tauni.

Sitolo yoyamba inali pafupi ndi msika, mwa zija zogulitsa mafoni, masipika ndi nyale za sola, nyimbo ikulira pakhomo mpaka kunjenjemeretsa magalasi. Mwini wake, bambo wa jekete lachikopa, atangomva mawu akuti laputopu anatsitsa nyimbo yekha.

"Mwafika pamalo pake, bosi. Iyi ni yanyuwani, ya m'bokosi. Ili fasiti maningi, ithamanga ngati mphepo. Ana a sukulu onse atenga yamene iyi."

Inali yopyapyala, yonyezimira ngati mbale yatsopano. Ndinaona nkhope ya Esinati ikuwala koyamba chifikireni. Mtengo wake unkakwana bwinobwino m'kachikwama ka achemwali, n'kutsalako ya chikwama chonyamulira.

Ndinapempha kuti aiyatse. Anadina. Tinadikira. Kachizindikiro kanazungulira, n'kuzungulira. Achemwali anasintha mwendo woimira.

"Ikali kuuka, bosi. Yanyuwani imachita so."

"Ramu yake ndi yochuluka bwanji?"

"Ili bwino."

"Ndafunsa kuchuluka kwake."

"Ni yokwana, bosi. Nanga mwana wa sukulu afuna yambiri ya chani?"

Ndinafunsa ngati tingaibweze ikavuta. Anandiloza chikwangwani pamwamba pa mutu wake, chonena kuti katundu akatuluka sabwerera. Ndinati tikaganize kaye. Potuluka, Esinati anacheuka kawiri.

Sitolo yachiwiri ili m'mbali mwa msewu waukulu. Ndi ya a Saidi, bambo wachikulire wachisilamu amene anabadwira ku Malawi koma wakhala pa Katete pano kuyambira ine ndili mphunzitsi wachinyamata. Amagulitsa mawaya, mababu ndi zotsekera zitseko, koma pashelefu yakumbuyo amasungako malaputopu angapo ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera m'maofesi a kunja kwa nyanja. Anafunsa achemwali kuti ali ndi zingati. Achemwali anandiyang'ana, ndinagwedeza mutu, ananong'ona. A Saidi sanaseke, sanadandaule. Anatsitsa malaputopu atatu n'kuwayala pakauntala.

Onse anali akuda, olemera, okalikakalika m'makona. Pa imodzi zilembo zina zinali zitafufutika ndi zala za munthu amene sitidzamudziwa.

"Ndikuuzeni zoona, mayi, kuti mawa musadzanditukwane," anatero. "Iyi ndiyo yabwino, ilibe vuto, koma ndalama yanu siifika. Iyi yachiwiri ndi yofulumira, koma batire lake latopa, mukazula chaja siichedwa kuzima. Iyi yachitatu batire lake lili ndi moyo, kuthamanga ikuthamanga, koma taonani apa."

Anaiyatsa. Pagalasi pake, chakumanja, panali mzere wobiriwira woonda ngati ulusi, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Mzerewu ukula?" ndinafunsa.

"Mwina ukhala choncho zaka. Mwina mawa abadwa awiri. Sindine Mulungu, aphunzitsi."

Ndinapempha kuti atitsitsire yabwino ija. Anatsitsa pang'ono, mpaka pamene anati akapitirira ndiye kuti akutipatsa yaulere ndi ndalama pamwamba. Sitinafikebe. Ndinawerengera za m'thumba mwanga ndi penshoni imene isanabwere. Sitinafikebe. A Saidi anaibweza pashelefu mwakachetechete, ndipo tonse tinaiperekeza ndi maso.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene a Tembo sanandiuze pafoni. Munthu wa ndalama zochepa sasankha pakati pa chabwino ndi choipa. Chabwinocho amachiona, amachigwira, kenako amachibweza pashelefu. Chimene amasankha ndi chilema chimene angathe kukhala nacho m'nyumba. Batire lakufa, kapena mzere pagalasi? Yonyezimira yaulesi, kapena yakuda yotopa?

Tili chiimire choncho magetsi anathima, monga achitira masiku ano osatsanzika. Laputopu ya batire lotopa ija, imene inali pachaja, inalira kamodzi, posakhalitsa n'kuzima. Ya mzere ija inakhalabe chiyakire.

"Mwaona nokha," anatero a Saidi. Kenako anaitembenuzira kwa Esinati. "Koma mwini wake ndi uyu. Bwera, mwanawe, uiyese. Lemba dzina lako apa. Udine mabatani onse, tione ngati pali lakufa."

Esinati sanasunthe.

"Pita," anatero amayi ake, akumukankha pang'ono pamsana.

Anafika pakauntala. Anapukuta manja m'siketi. Anayang'ana mabatani aja nthawi yaitali, ngati munthu wofunafuna nkhope ya m'bale wake pagulu. Anapeza chilembo choyamba cha dzina lake n'kuchidina, koma sanachotse chala. Chilembocho chinathamanga pagalasi, mzere wonse, n'kuyamba wachiwiri. Anadzidzimuka n'kubweza dzanja ngati wagwira mbaula.

"Ndaiononga," anatero.

M'sitolomo munali amayi awiri ogula mababu. Mmodzi anaseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza, kunangomupulumuka, koma Esinati anakumva.

"Iwe," anatero achemwali, "si iwe unakhoza kompyuta pamayeso a Giredi 9? Satifiketi ili kunyumba ija ikunama?"

Siikunama. Esinati anakhozadi phunzirolo, ndipo anakhoza bwino. Titakhala pansi pambuyo pake anandifotokozera. Pasukulu pawo panali makompyuta ochepa amene anabwera ngati mphatso, koma magetsi panalibe, ndipo anakhala m'kabati ya ahedi atafunditsidwa nsalu. Aphunzitsi awo ankajambula mabatani pabolodi ndi choko, ana n'kukopera m'makope. Ankaloweza dzina la chiwalo chilichonse ndi ntchito yake. Mayeso atayandikira, anawatengera kusukulu ina ya magetsi, kumene mwana aliyense anakhala pakompyuta kanthawi kochepa, anzake ali pamzere kumbuyo akumufulumizitsa. Ku sekondale anasankhiridwa maphunziro ena. Kuyambira pamenepo sanaigwirenso.

Mukamufunsa kuti ramu n'chiyani, akuyankhani m'Chingerezi chosalala, chiganizo chathunthu, kuposa bambo wa jekete lachikopa uja. Koma kakhonde kaja kotsetserekapo chala kuti kamuvi kayende pagalasi, anali asanakakhudzepo chibadwire.

Anaima pakauntala paja misozi ikutsika, osalira mokweza, osapukuta. Mtsikana amene wapambana ana onse a m'mudzi mwake, amene bambo ake ataya ng'ombe chifukwa cha iye, akuchita manyazi pamaso pa anthu ogula mababu.

Achemwali anakhala pa thumba la simenti limene linali pakhomo. Sanakalipenso. Ndinaona pankhope pawo funso limene sanalitulutse, lakuti kodi a Mwale aja sankanena zoona?

A Saidi ndiwo anatipulumutsa. Anakoka mpando n'kuuika kuseri kwa kauntala, kumene ogula saona bwino. "Palibe chaonongeka. Batani ili ndi lofufutira, taona. Khala apa. Ine ndikupita kukapemphera, nthawi yakwana. Amayi akuyang'anira sitolo. Usewere nayo mpaka ndibwere, siiluma."

Anatuluka. Akazi awo anakhala pakhomo n'kuyamba kucheza ndi achemwali za mtengo wa mtedza, dala, kuti maso achoke pa mwanayo. Ine ndinaima chapatali ndikunamizira kuwerenga zolemba pa mabokosi a mababu. Kumbuyo kwanga ndinkamva batani limodzi, kenako chete, kenako lina.

Pamene a Saidi ankabwera, pagalasi panali dzina lake lonse, Esinati Mwale, ndi dzina la mudzi wathu pansi pake. Mzere wobiriwira uja unadutsa pambali, osakhudza chilembo.

"Achimwene, sankhani," anatero achemwali.

Esinati anandiyandikira. "Amalume, nanga ija yoyamba ija? Ija ndi yatsopano. Iyi anzanga akandiseka."

Ndinamumvetsa. Ali ndi zaka zimene kusekedwa kumawawa kuposa njala. Koma ndinakumbukira kachizindikiro kozungulira kaja ndi chikwangwani cha pamwamba pa mutu. Ndinasankha ya mzere. A Saidi analonjeza kuti ikafa mwezi usanathe tibwere nayo. Achemwali analowa kuseri ndi akazi a Saidi kukamasula zitenje, ndipo atatuluka m'chiuno munali mutaphwa. Ya chikwama chonyamulira sinatsale. Tinaikulunga m'thawulo.

Kodi ndinasankha bwino? Sindikudziwa. Mpaka lero sindikudziwa.

Ndipo chimene chikundisowetsa mtendere n'chimenechi. Mlongo wanga simungamunamize pa mbuzi. Amaitsegula kukamwa, amaigwira pamsana, n'kukuuzani zaka zake ndi matenda ake. Simungamunamize pa mbewu ya mtedza, pa chitenje, pa feteleza wosakaniza ndi mchenga. Moyo wake wonse wagula zinthu zimene amazidziwa. Koma chinthu chodula kuposa zonse zimene anagulapo, anachigula ali wakhungu, atatsamira pa mchimwene amene nayenso anatsamira pa foni ya mnzake wa ku Sinda.

Ndi makolo angati a ku Vubwi, ku Sinda, ku Mkaika, amene mwezi uno alowa m'masitolo otere atamanga ndalama m'chiuno? Ndi angati alibe ngakhale malume wonamizira kudziwa? Iwo amamva mawu akuti yanyuwani, amaona kunyezimira, amalipira. Mwana akafika kusukulu n'kupeza kuti makinawo amatenga nthawi ya kuphika nyemba kuti atsegule tsamba limodzi, kubweza kulibe. Wogulitsa sanabe. Anangokhala chete pamene anayenera kulankhula.

Ndipo amene amauza ana kuti abwere ndi laputopu, bwanji sanena kuti yotani? Wina akakutumani kukagula nsapato amakuuzani saizi. Apa ayi. Mawu amodzi okha, laputopu, kholo lizionera lokha. Kodi amene amalemba mawu amenewa anayamba waima m'khola m'mawa, n'kusankha kuti pa ng'ombe ziwiri ipite iti?

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti ana athu asakhale ndi makompyuta. Ndinaona ndi maso anga, pakauntala pa a Saidi, zimene zimachitika mwana akaphunzira kompyuta ya choko. Esinati akupita kukakhala mphunzitsi. Akatuluka m'koleji asakudziwa makinawa, adzapita kusukulu ya kumudzi, adzatenga choko, adzajambula mabatani pabolodi, ndipo mwana wina adzalira m'sitolo ina zaka zikubwerazi. Kusagula n'kulakwa. Kugula n'kupweteka. Njira yopanda minga pamenepa sindikuiona.

Komanso kugula ndi chiyambi chabe. Madzulo a tsiku lomwelo, laputopu ili pathebulo pathu, achemwali anayamba kuiwerengera ntchito. Patchuthi ikabwera kumudzi, ang'ono ake a Esinati aziphunzirirapo. Alamu, amene ndi mlembi wa kumpingo, azilembapo za mpingo. Achinyamata a m'mudzi amva kale, akudikira mafilimu. Makina amodzi otopa, a mzere pagalasi, asenze banja lonse ndi mudzi womwe. Sindinafune kuwakumbutsa kuti kumudzi kwathu kulibe waya wa magetsi, kuti kasola kawo kamalephera ngakhale mafoni awiri kukachita mitambo, kuti kukatchajitsa kumsika n'kulipira, kuti intaneti nayo imadya ndalama ngati mwana wakhanda. Ndinangoti tidzaona.

Lachitatu tinamukweza Esinati minibasi ya ku Chipata. Laputopu anaiika pamiyendo, mkati mwa thawulo, manja onse awiri ali pamwamba. Kondakitala atati aike katundu kumbuyo, anakana mwaukali umene sindinkadziwa kuti ali nawo. Achemwali anabwerera ku Vubwi tsiku lomwelo. Pokwera anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwatichotsa manyazi, achimwene." Ndinalakalaka akanapanda kutero.

Loweruka masana foni inalira. Anali Esinati. Anafunsa za moyo, za azakhali ake, za nkhuku, zinthu zimene mwana safunsa ngati alibe nkhani yolemera kumbuyo.

"Yafa?" ndinafunsa.

"Ayi, amalume, ikuyaka bwinobwino."

"Mzere uja wakula?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

Anatsitsa mawu. "Dzulo anatisonkhanitsa tonse a chaka choyamba. Wina anafunsa za malaputopu. Aphunzitsi anati chaka chino ntchito zonse tizilemba pamanja, chifukwa ambiri alibe. Akuti laputopu idzafunika kwenikweni chaka chamawa, kapena chinacho, polemba lipoti lalikulu. Akuti anangoitchula kuti makolo azikonzekera."

Ndinakhala pansi pa khonde.

"Pageti sanafunse?"

"Sanafunse chilichonse. Anangoona risiti ya fizi. M'chipinda mwathu amene tabwera nayo ndife awiri basi."

Ndinamuuza zimene malume ayenera kunena. Ndinati palibe chatayika, kuti ali ndi mwayi woyamba msanga, kuti aziitsegula tsiku lililonse, azilemba manotsi ake momwemo mpaka zala zizolowere. Mawuwo anali oona, koma ngakhale ine ndinkawamva kupepuka kwake. Batire limene lili ndi moyo lero, lidzakhala lili bwanji chaka chamawa? Lonjezo la a Saidi ndi la mwezi umodzi.

"Ndaitsekera m'thiranki pansi pa bedi," anatero. "Akuti kuno zimabedwa. Komanso soketi ndi imodzi m'chipinda chonse, mafoni amakhala pamzere. Komanso, amalume..." Anasiya.

"Nena."

"Mnzanga winayo amalemba osayang'ana mabatani. Ndikaitulutsa yanga aona kuti sindidziwa."

Ndinamuuza kuti mnzake ameneyo ndiye mphunzitsi amene Mulungu wamuikira pabedi loyandikana, kuti amupemphe. Anati ayesa. Sindikudziwa ngati ayesedi. Kenako ananena chimene anaimbira foniyo.

"Musawauze atate. Chonde, amalume. Ngakhale amayi musawauze. Atate akamva kuti sinkafunika chaka chino, m'nyumba muja simukhalanso anthu."

Ndinalonjeza? Ndinangoti ndamva.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi foni inaliranso. Nambala ya alamu anga a Mwale. Bambo amenewa saimba foni wamba, amati mayunitsi ndi a matenda ndi maliro. Mawu awo ankaduka ndi mphepo, ndinadziwa kuti akwera pachulu paja pamene netiweki imagwira.

"Alamu, ndati ndithokoze. Amayi ake andiuza kuti munavutika nawo tsiku lonse."

"Ndi mwana wathu tonse, alamu."

"Makina aja akugwira?"

"Akugwira."

"Ndiye kuti ayamba kale kuphunzirira pomwepo? Akumuthandiza mwanayo?"

Munthu ameneyu sindinamunamizepo chikwatirire mlongo wanga. Ndinayang'ana foni, ndikuyembekeza kuti mwina netiweki idula yokha monga ichitira nthawi zonse pamene simukufuna. Tsiku limenelo inagwira bwino.

"Adzamuthandiza, alamu," ndinatero.

Ngati anamva kuti ndati adzamuthandiza, osati akumuthandiza, sanaonetse.

"Basi," anatero. "Ngati ndi choncho, mtima wanga wakhala pansi. Ndinkaopa kuti mwina tinafulumira."

Anadula, kusunga mayunitsi.

Ndakhala nawo mawu amenewo kuyambira tsiku limenelo. Sindinaname, koma sindinanene zoona, ndipo m'mawa uno podzimeta ndinakumbukira kuti n'zomwezo ndinadzudzula nazo wogulitsa wa pamsika. Mwana wandipempha kuti ndikhale chete. Bambo ake ali ndi ufulu wodziwa. Mlongo wanga ndi amene adzalandire mkwiyo wonse tsiku limene zidzaululike, ndipo zidzaululika, chifukwa ku koleji komweko kuli ana ena a ku Vubwi amene adzabwera patchuthi ndi pakamwa pawo.

Inu amene mumakhala m'maofesi a masukulu ndi makoleji n'kumauza makolo zoti agule, sindikukupemphani zambiri. Nenani kuti chinthucho chikufunika liti, ndipo chotani. Mawu awiri okha owonjezera, akuti chaka chachiwiri, akanasintha zambiri m'nyumba ina ku Vubwi.

Koma inu awerengi anzanga, amalume ndi azakhali amene mumaitanidwa pasiteshoni chifukwa akuti ndinu ophunzira, tandiuzani. Bambo ali pachulu, foni ili kukhutu, akufunsa ngati anafulumira. Inu mukanamuyankha chiyani?